Sitolo pansi, banja m'mwamba: nyumba zakale za mdadada ku George Town ndi Singapore

Pa 1 Januwale 2000, lamulo limene linkaletsa eni nyumba zakale kukweza lendi linasiya kugwira ntchito m'dziko la Malaysia. Linali lamulo la mu 1966, ndipo linkakhudza nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1948. Kumene kunagwedezeka kwambiri ndi ku chigawo cha Penang, chifukwa kumeneko nyumba zoposa 12,000 zinali pansi pa lamuloli, zochuluka mwa izo mu mzinda wa George Town. Mabanja amene ankalipira kangachepe kuyambira nthawi ya agogo awo anayamba kulandira makalata, ena owauza kuti lendi yakwera kangapo, ena owauza kuti asamuke. Kenako mu Julaye 2008 bungwe la UNESCO linaika George Town pamodzi ndi mzinda wa Melaka pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa pa dziko lonse. Zinthu ziwirizi zinasintha mtengo wa nyumba yakale iliyonse mu mzindawo, ndipo mpaka lero anthu akukanganabe kuti nyumbazi zizigwira ntchito yanji, nanga azigonamo ndani.

Nyumba zimenezi ndi za mdadada, zogundizana khoma ndi khoma kuchokera poyambira msewu mpaka pothera pake. Kumeneko amazitchula kuti shophouse. Zambiri ndi za nsanjika ziwiri kapena zitatu. Kumaso n'zopapatiza, mamita 4 mpaka 6 basi, koma kulowa mkati zimatalika mamita 20 kapena 30, zina kupitirira pamenepo. Kupapatizaku kunali ndi chifukwa chake: mitanda yonyamula zipinda zam'mwamba inkagonekedwa kuchokera pa khoma lina kufika pa linzake, ndiye kutalika kwa mtengo umene mmisiri akanaupeza n'kumene kunkalamula kukula kwa nyumba. Pansi pankakhala telala, wosula golide, wogulitsa mpunga, mankhwala azitsamba kapena zokometsera ndiwo. M'mwamba munkagona banja la mwini sitolo, nthawi zina ndi antchito ake omwe. Popeza m'mbali mulibe poika zenera, amisiri ankasiya kabwalo kopanda denga pakati pa nyumba kuti kuwala kulowe, mpweya wotentha utuluke, ndipo madzi a mvula agwere m'ngalande n'kuziziritsa pansi.

Kumaso kwake kuli khonde. Mu 1822 Stamford Raffles, mtsamunda wa ku Britain, pokonza mapulani a Singapore, analamula kuti nyumba iliyonse ikhale ndi khonde lotseguka nthawi zonse, lolumikizana ndi la nyumba yoyandikana nayo, kuti munthu aziyenda msewu wonse osanyowa ndi mvula, osapsa ndi dzuwa. Khonde limeneli, lotambalala pafupifupi mita ndi theka, limatchedwa five-foot way, ndipo m'Chimalay amati kaki lima. Lili pa malo a mwini nyumba koma ndi njira ya aliyense, ndipo zimenezi sizinachedwe kuutsa mapokoso. Mu 1888 akuluakulu a mzinda wa Singapore atayesa kuchotsa ogulitsa malonda m'makondemo, kunabuka zipolowe zamasiku angapo. Amene anayendapo mu Limbe kapena ku Old Town ku Lilongwe akudziwa kamangidwe kofananako, masitolo akale a amwenye okhala ndi khonde kumaso, banja likukhala kuseri kapena m'mwamba.

Tsono mukamva akatswiri akunena zokonza nyumbazi kuti pansi pakhale malonda, m'mwamba mukhale anthu, musaganize kuti atulukira nzeru yatsopano. Imeneyo ndiyo ntchito imene nyumbazi zinamangidwira. Kusiyana kwake n'kwakuti kale wogulitsa pansi ndi wogona m'mwamba anali munthu mmodzi yemweyo. Lero ndi anthu awiri osadziwana, wina akufuna kutseka bala yake pakati pa usiku, wina akudzuka m'mamawa kukonzekeretsa ana kusukulu. Zambiri zovuta pa nkhaniyi zimachokera pamenepa.

Zinapulumuka bwanji

Chimene chinasunga nyumbazi kwa zaka zambiri si chikondi cha munthu aliyense. Ku Singapore lamulo loletsa kukweza lendi linayamba mu 1947, nkhondo itangotha, nyumba zikusowa. Mwini nyumba sakanatha kukweza lendi kapena kutulutsa wokhalamo mwachisawawa, choncho sankaona chifukwa chowonongera ndalama pa denga lodontha. Koma sakanathanso kugwetsa nyumbayo mosavuta kuti amange ina yaitali. Nyumba zinangokhala, zikukalamba, mazenera ake, matailosi ake ndi masitepe ake zili momwe zinalili. Amene ankapindula ndi wochita lendi wamkulu, yemwe ankadula chipinda cham'mwamba ndi matabwa n'kupanga tizipinda tambirimbiri, tina topanda zenera, n'kumatolera ndalama zoposa zimene iye ankapereka kwa mwini nyumba. Mabanja angapo ankaphikira m'khitchini imodzi. Chimbudzi chinali cha ndowa, yomwe anthu a ntchito imeneyo ankadzachotsa podzera m'kanjira ka kuseri, ndipo ku Singapore ndowa zomaliza zinasiya kutoleredwa mu 1987. Wofuna kulira moyo wakale wa m'misewu imeneyi azikumbukiranso ndowayo.

N'chifukwa chake boma la Singapore, litakhazikitsa bungwe lomanga nyumba la Housing and Development Board mu 1960, silinachite chisoni pogwetsa misewu yathunthu n'kusamutsira anthu m'nyumba zosanja zokhala ndi madzi, magetsi ndi chimbudzi chogejemula. Maganizo anatembenuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo chimodzi mwa zimene zinawatembenuza ndi ndalama. Mu 1983 chiwerengero cha alendo odzaona dzikolo chinatsika, ndipo komiti imene inafufuza nkhaniyi inanena kuti pomanga mzinda wamakono anafafaniza zinthu zomwe alendowo ankabwerera. Mu 1986 bungwe loona mapulani a mzinda, Urban Redevelopment Authority kapena kuti URA, linatulutsa ndondomeko yosunga madera akale. Mu 1987 linakonza lokha nyumba 32 ku Tanjong Pagar, kuyambira ndi nambala 9 pa Neil Road, pofuna kuonetsa eni nyumba okayika kuti chinyumba chowola chikhoza kukhalanso chabwino. Nyumba imeneyi inasanduka malo omwera tiyi, ndipo Mfumukazi Elizabeth II inakachezako mu 1989. Chaka chomwecho madera 10, kuphatikizapo Chinatown, Little India, Kampong Glam, Boat Quay ndi Emerald Hill, anatetezedwa ndi lamulo, nyumba zoposa 3,200. Lero zotetezedwa zikuposa 7,000, ndipo pafupifupi 6,500 mwa izo ndi za mdadada zomwezi. Lamulo la lendi linayamba kumasulidwa m'madera amenewa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, n'kutheratu mu 2001.

Malamulo a URA amayenda pa mfundo zitatu: sunga zambiri momwe ungathere, bwezeretsa mosamala, konza mwaluso. Koma sakhwima mofanana paliponse. M'madera akale kwambiri monga Chinatown nyumba imasungidwa yonse, denga ndi msinkhu wake womwewo, ndipo m'misewu ya pakatikati chipinda cha pansi chimayenera kukhala sitolo kapena malo odyera kuti msewu usafe. Ku Emerald Hill ndi Blair Plain nyumba zambiri ndi zogonamo basi. M'madera ena monga Joo Chiat ndi Geylang mwini nyumba amasunga mbali ya kumaso, ndipo kuseri amaloledwa kumanga zipinda zatsopano zotalikirapo. Kumasula kotereku kuli ndi ochinyoza, koma n'kumene kumapatsa mwini nyumba malo owonjezera oti abwezere ndalama zimene wawononga pokonza.

Khoma, madzi ndi moto

Cholakwa chimene chawononga nyumba zambiri ndi simenti. Makoma akalewa ndi a njerwa zofewa, zomangidwa ndi kupakidwa pulasitala wa laimu. George Town ili m'mbali mwa nyanja, pa nthaka yomwe mbali ina inali dambo, ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Khoma limayamwa chinyezi kuchokera pansi, ndipo chinyezicho chimabwera ndi mchere. Khoma la laimu lili ngati mtsuko wadothi, limatuluka thukuta: madzi amadutsa, amauma ndi mphepo, mchere n'kutsalira kunja pa pulasitala, yemwe amatha kumatulidwa n'kupakidwanso. Mmisiri wozolowera nyumba zamakono akafika n'kupaka simenti, pamwamba pake penti wonyezimira, pansi n'kuthira konkire m'malo mwa matailosi adothi, madzi aja amasowa potulukira. Amakwera m'khoma kupitirira pomwe ankafika kale, mchere umaumira mkati mwa njerwa n'kuzifumbutsa, ndipo mitu ya mitanda yolowa m'khomamo imayamba kuwola. Chaka choyamba nyumba imaoneka yokongola kuposa zinzake. Pakapita zaka zochepa pulasitala amayamba kutukumuka, ndipo kawirikawiri chinyezi chimakatulukira kwa woyandikana naye amene sanalakwe kanthu.

Apa ndi pamene mdadada umasiyana ndi nyumba yoima payokha. Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, inapatsidwa ntchito zatsopano, muli malo odyera, malo oonetsera zaluso ndi laibulale ya Society of Malawi, koma makoma ake onse ndi ake. Mu mdadada khoma lililonse la m'mbali ndi la anthu awiri. Ukaboola kuti ulumikize nyumba ziwiri kukhala hotela, wafooketsa chimene chikunyamula denga la mnzako. Mnzako akasiya nyumba yake yopanda munthu, denga n'kugwa, mvula yake imalowa kwa iwe, ndipo chiswe chimene chadya mitanda yake sichidziwa malire a puloti. Ngakhale pansi pa nthaka nyumbazi n'zolumikizana. Zambiri zinakhazikidwa pa zikhomo za mitengo ya m'madambo a m'mbali mwa nyanja, zomwe zimakhala zolimba malinga ngati zili m'madzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pokumba maziko akuya a Prangin Mall ku George Town, madzi a pansi anatsika ndipo nyumba zambiri zakale za m'misewu yozungulira zinang'ambika makoma.

Kabwalo kapakati kaja nakonso kamavutika. Kwa wochita malonda ndi malo otayika, oti akanaikapo matebulo ena anayi, ndiye ambiri amakafolera ndi galasi kapena malata. Akatero mpweya umasiya kuyenda, nyumba imatentha, n'kuikamo makina oziziritsa mpweya. Makinawo akaziziritsa chipinda chimodzi kwambiri, chinyezi chimasonkhana kuseri kwa matabwa ndi m'makoma ozizirawo, ndipo nkhungu imamera. Amisiri odziwa amaika kadenga kotsekula ndi kutseka, kapena kokwezeka kosiya mpata m'mbali. Kwa banja logona m'mwamba kabwalo kameneka si kokongoletsa chabe, chifukwa zipinda zapakati zilibe kwina kopezera kuwala.

Koma chimene chimagamula ngati m'mwamba mukhale anthu kapena ayi nthawi zambiri ndi masitepe. M'nyumba yakale masitepe ali mkati, kuseri kwa sitolo, popeza wokwera anali mwini sitoloyo. Ukabwereketsa pansi kwa wina, m'mwamba kwa wina, wa m'mwambayo sangamadutse pakati pa katundu wa mnzake usiku sitolo itakiyidwa. Pamafunika khomo lake lotulukira pakhonde ndi kanjira kotchingidwa kokafika ku masitepe. Pa nyumba yotambalala mamita 5, kanjirako kamadya pafupifupi mita yathunthu ya kumaso, malo omwe ndi odula kuposa ena onse chifukwa ndi amene wodutsa amaona. Eni nyumba ambiri akawerengera amaona kuti kuli bwino kubwereketsa nyumba yonse kwa wamalonda mmodzi, m'mwamba asungiremo makatoni kapena mungokhala mopanda kanthu. Njira ina ndi kukwerera kuseri, kumene nyumba zambiri za ku Singapore zili ndi masitepe ozungulira a konkire otsikira m'kanjira ka kumbuyo, koma kumeneko n'kumene kuli mabini a zinyalala ndi makina otulutsa mpweya wotentha.

Ozimitsa moto nawo ali ndi zofuna zawo, ndipo sakulakwa. Pakati pa khitchini ya lesitilanti yophikira gasi ndi bedi la mwana pali matabwa ouma a zaka 100. Malamulo amafuna kuti matabwawo atchingidwe kunsi ndi zinthu zochedwetsa moto, masitepe akhale otetezedwa ku utsi, mawaya a magetsi akhale atsopano, ndipo pakhale potulukira pokwanira. Oteteza nyumba zakale amafuna mitanda ioneke, zitseko zakale zisachotsedwe. Mwini nyumba amakhala pakati, akuyenda ndi mapulani kuchoka ku ofesi ina kupita ku inzake. Chimene amisiri akale anachita bwino n'chakuti m'misewu yambiri khoma logawana limapitirira pamwamba pa denga, kuti moto usalumphe mosavuta kupita kwa woyandikana naye.

Zikatha izi pamatsala za tsiku ndi tsiku: utsi ndi fungo la mafuta, paipi yotulutsa utsiyo yomwe singaikidwe kumaso, mafuta otsekereza ngalande, galimoto yotsitsa katundu m'bandakucha, nyimbo zodutsa m'matabwa ngati palibe chotchinga. Telala, wogulitsa mabuku kapena kachipatala amakhala bwino ndi banja m'mwamba. Bala sikhala bwino ndi aliyense, koma ndi imene imatha kulipira lendi yokwera.

Pali njira yachidule imene ena amatenga: kusiya khoma la kumaso lokha, kugwetsa zonse za mkati, n'kumanga nyumba ya konkire kuseri kwake. Pa chithunzi msewu umaoneka momwe unalili. Kunena zoona, imeneyo ndi nyumba yatsopano yovala nkhope ya yakale, ndipo nzeru zonse za kabwalo, mpweya ndi laimu zapita ndi zigumukazo.

Ndalama zimakokera kuti

Kukonza nyumba yotere moyenera n'kodula. Laimu amafuna nthawi kuti akhwime, amisiri omudziwa ndi ochepa, matabwa olimba a msinkhu wa mitanda yakale ndi osowa, ndipo zowola zambiri zimaonekera ntchito itayamba kale. Amene wawononga ndalama zotere amafunsa kuti abweza bwanji. Banja limodzi limalipira pamwezi. Nyumba yomweyo ikadulidwa kukhala zipinda zisanu ndi chimodzi za alendo, chilichonse chimalipira pa usiku. Palibe chifukwa choganizira kuti mwini nyumba ndi woipa mtima, masamu okha amamukankhira ku hotela, ofesi ndi malo omwera khofi.

Ku Singapore msonkho umawonjezera kukankhako. Munthu wakunja wogula nyumba yogonamo amalipira msonkho wapadera, womwe mu Epulo 2023 unakwezedwa kufika pa 60 peresenti ya mtengo wa nyumbayo. Shophouse yolembedwa kuti ndi ya malonda okhaokha ilibe msonkho umenewu, ndipo wakunja amaigula popanda kupempha chilolezo. Yokhala ndi mbali yogonamo imalipira msonkhowo pa mbali imeneyo, ndipo kuyambira mu Julaye 2023 wakunja amayenera kupeza chilolezo asanagule malo olembedwa kuti ndi a malonda ndi ogonamo pamodzi. Malamulowa anapangidwa pofuna kuteteza nzika kuti nyumba zogona zisakwere mtengo, koma zotsatira zake n'zakuti nyumba yopanda wogonamo ndi imene anthu olemera amailimbirana. Popeza nyumba zotere sizingawonjezeke, zasanduka mosungira chuma, ndipo za pakati pa mzinda zimagulidwa madola mamiliyoni ambirimbiri.

Chinatown ya ku Singapore ikuonetsa zimene zimatsala anthu akachoka. Ogulitsa m'misewu anasamutsidwira mu msika womangidwa mu 1983. Okhala m'tizipinda tija anapita ku nyumba za boma. Nyumba zitakonzedwa zinawala, koma usiku m'mwamba munali mdima. Mu 1998 bungwe loona za alendo linabwera ndi ndondomeko ya madola a ku Singapore 97.5 miliyoni yodzutsa derali, ndipo anthu ambiri, kuphatikizapo a Singapore Heritage Society, anaidzudzula kuti ikusandutsa mudzi wa anthu kukhala chionetsero. Mu 2001 anatsegula msewu wa zakudya pa Smith Street pofuna kubwezeretsa phokoso la ogulitsa amene anachotsedwa zaka 18 m'mbuyomo. Msewuwo unkadalira alendo, ndipo unatsekedwa mu 2021 mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo. Msika womangidwa uja, umene amadyako anthu okhala m'nyumba za boma zapafupi, ulipobe.

George Town inalowa m'njira yomweyo mochedwerapo, ndipo inali ndi chotaya chachikulu. UNESCO sinalembe mzindawu chifukwa cha nyumba zokha. Inatchulanso moyo wa anthu a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana, Amalay, Atchaina, Amwenye ndi ena, ndi zikondwerero, zakudya ndi ntchito zawo zamanja. Pa msewu umodzi, Jalan Masjid Kapitan Keling, pali tchalitchi cha St George, kachisi wa Kuan Yin, kachisi wa Sri Mahamariamman ndi mzikiti wa Kapitan Keling, ndipo onsewa amafuna anthu okhala pafupi oti aziwasamalira. Chitetezo cha makoma chinakhwima ndithu: mu 2009 panali mkangano waukulu pa mahotela anayi ofuna kupitirira msinkhu wololedwa wa mamita 18, mu 2010 boma la Penang linakhazikitsa bungwe losamalira dera lotetezedwalo la George Town World Heritage Incorporated, ndipo mu 2016 pulani yapadera ya derali inakhala lamulo. Koma mu 2012 zithunzi za pakhoma zojambulidwa ndi Ernest Zacharevic zitatchuka, Armenian Street inadzaza ndi alendo ojambulitsa, ndipo masitolo a zikumbutso, malo omwera khofi ndi timahotela zinachuluka mofulumira. Ogula ochokera kunja, ena a ku Singapore, anagula mizere yathunthu ya nyumba, okhalamo n'kupatsidwa masiku oti asamuke. Kalembera amene bungwe la Think City linachita mu 2009 ndi 2013 anaonetsa kuti okhala m'derali akuchepa pamene mahotela ndi malo odyera akuchuluka. Wosema zikwangwani, woluka mipando ndi wopanga lubani wa m'kachisi akachoka, sabwereranso, chifukwa makasitomala awo anamwazikana.

Ntchito yodabwitsa koposa imene nyumbazi zinapatsidwapo ndi yoweta mbalame. Kuli timbalame tofanana ndi anamzeze timene timamanga zisa ndi malovu, ndipo zisazo zimagulidwa modula kwambiri ku China ndi kwina, kumene amaphikira supu. Eni nyumba ena anatseka mazenera am'mwamba, kuchititsa mdima ndi chinyezi, n'kuika zokuzira mawu zoimba kulira kwa mbalamezo tsiku lonse. Ndalama zinkabwera popanda wochita lendi wodandaula za denga. Koma chinyezi ndi zitosi zinawoletsa matabwa, ndipo oyandikana nawo anathawa phokoso ndi fungo. Boma la Penang linaletsa ulimiwu m'dera lotetezedwa, n'kupereka zaka zitatu, kufika kumapeto kwa 2013, kuti onse achoke.

Pamafunika chilungamo kwa mbali inayo. Eni nyumba ananyamula mtolo wa lamulo la lendi kwa zaka zoposa 30, ndipo ena ankalandira ndalama zosakwana ngakhale kukonzera denga. Ana ambiri a m'misewu imeneyi anachoka okha, kufuna poimika galimoto ndi bafa losagawana. Nyumba yosanduka hotela imakhala ndi denga labwino ndipo imalemba anthu ntchito, pamene yosiyidwa yokha imamera mtengo pakhoma n'kugwa. Amene amati palibe chisinthe akupempha kuti osauka azikhalabe m'nyumba zodontha kuti odutsa azisangalala. Komabe msewu umene nyumba zake zonse zatembenukira kwa alendo umataya golosale, wometa, wokonza njinga ndi sukulu, ndipo banja limene linatsala limapezeka kuti lili pamalo pomwe kugula kapu ya khofi n'kosavuta kuposa kugula anyezi. Nalonso limanyamuka, ngakhale lendi yake isanakwere.

Zoyesa kusunga anthu zilipo, ngakhale n'zazing'ono. Think City, imene inakhazikitsidwa mu 2009 ndi Khazanah Nasional, bungwe losunga chuma cha boma la Malaysia, inayamba ndi thumba la ndalama za ku Malaysia zokwana 20 miliyoni ringgit zothandizira kukonza nyumba ndi ntchito zina mu George Town. Imodzi mwa ntchito zake inali pa Armenian Street pomwepo, pa mzere wa nyumba za kachisi wa Hock Teik Cheng Sin. Mmalo motulutsa ochita lendi kuti akonze, oyang'anira kachisi, okhalamo ndi akatswiri a zomangamanga anakhala pansi limodzi. Okhalamo ananena zimene zikuwavuta m'nyumba zawo, thandizo la ndalama linachepetsa mtolo wa eni ake, ndipo eni akewo anavomera mgwirizano wa zaka zingapo pa lendi yoti anthuwo angakwanitse. Chinsinsi chake chili pa kutalika kwa mgwirizanowo. Munthu amene akukhala mwezi ndi mwezi, osadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo, sangagule ngakhale chitini cha laimu.

N'zosadabwitsa kuti zinatheka pa nyumba za kachisi. Mu George Town nyumba zambiri zakale ndi za mabungwe a mafuko a Atchaina otchedwa kongsi, za akachisi, za wakafu ya Asilamu (chuma choperekedwa ku ntchito za chipembedzo) ndi za khonsolo ya mzinda. Eni otere sagulitsa msanga, alibe ngongole ya kubanki yowathamangitsa, ndipo amafuna anthu oti adzanyamule nyali pa chikondwerero kapena kudzaza mzere wa swala. Si onse amene amasankha choncho, ena anatulutsa anthu awo n'kutsegula mahotela. Koma kumeneko n'kumene kuli mpata, chifukwa munthu amene wagula nyumba pa mtengo wa lero ndi ngongole sangabwereketse m'mwamba motsika ngakhale atafuna.

Kumene malamulo a mizinda iwiriyi ali ndi mphamvu ndi pa zooneka. Amanena mtundu wa matailosi a padenga, kapangidwe ka zenera, kukula kwa chikwangwani ndi poika makina oziziritsa mpweya, ndipo woswa amalipitsidwa. Amathanso kukana kuti nyumba yogonamo isandulike hotela kapena bala, ngati khonsolo ili ndi anthu okwanira oyendera, popeza timahotela tambiri ta ku George Town tinayamba kaye kulandira alendo, chilolezo n'kumafunidwa pambuyo. Pa lendi alibe chonena. Ku Penang, anthu akathamangitsidwa pa msewu wina, mabungwe oteteza mzindawu amadzutsanso pempho loti pakhale malire a kakwezedwe ka lendi m'dera lotetezedwa, ndipo eni nyumba amayankha powakumbutsa mmene madenga analili mu 1999.